Likongwe ndi Chulu cha Ngumbi

Padangokhala, kale lija nyama zinkakwatirana osafunsana za ubweya, Likongwe amene anakwatira Nachanza, mwana wamkazi wa mayi Nungu. Anakakhala chikamwini kwawo kwa mkazi, pakuti kwawo kwa iye anali atatopa naye kalekale. Likongweyu anali manja lende. Khasu ankalilambalala ngati lili ndi matenda, koma pakamwa pokha Namalenga sanamumane. Ankatha kukuuza kuti nsabwe zili m'mutu mwakozo ndi chuma, iwe n'kumuthokoza.

M'mudzimo munali chulu chimodzi chachikulu chimene chinkatulutsa ngumbi mvula ikakhazikika. Ntchito yake inali yodziwika kwa aliyense. Ankapala chulu, kuzika timitengo, kufolera udzu kuti m'kati mude, n'kukwirira mbiya pamalo pamene asiyapo kuwala pang'ono. Ngumbi zikatuluka zinkathamangira kuwalako n'kumagwera m'mbiya. Banja lililonse linkafolera mbali yake. Amphamvu ankapeza zambiri, ofooka zochepa, ndipo palibe amene ankaziganizira kawiri.

Nungu anamuona mkamwini wake akudya ndi kugona chaka chathunthu. Tsiku lina anakhala chofulatira, monga amachitira apongozi, n'kulankhula ngati akuuza mtengo.

"Mkamwini wa pano azibweretsa dengu la ngumbi mvula iliyonse. Likapanda kubwera, aone msana wa njira."

Likongwe anachita mantha enieni. Analibe kwina kopita, ndiponso, tinene zoona, Nachanza ankamukonda, ngakhale chikondi chake chinali cha mtundu uja wosanyamula kanthu. Nachanza anamuuza kuti nkhaniyo siyovuta, mawa apitire limodzi kudambo, iye azimweta udzu, mwamuna azingosenza.

"Udzu umayabwa, Nachanza," anatero Likongwe. "Ndisiye ndiganize."

Mfumu ya mudziwo inali Gulo, buluzi wa mutu wobiriwira uja. Gulo sankakana kanthu. Wina akati kwacha, ankagwedeza mutu. Wina akati ayi kwada, ankagwedezanso. Nyama zinkanyadira kuti zili ndi mfumu yomva za aliyense.

Kwa mfumu yotereyi ndi kumene Likongwe anakapempha msonkhano. Nyama zitadzaza pabwalo, iye anakanyamula Chule, nkhalamba ya mwendo wotupa imene mbiya yake chaka ndi chaka inkagwira ngumbi zosakwana ngakhale kununkhiritsa phale, n'kumukhazika pakati. Anafunsa ngati panali wina pabwalopo amene anaumba chulu. Panalibe. Anafunsanso chifukwa chake Chiuli, chimphona chosachedwa kupsa mtima chija, ankadya mpaka kugeya pamene nkhalambayi inkagona ndi njala. Apa misozi inatsika, chifukwa Likongwe misozi ankayenda nayo pafupi. Anati kuyambira tsopano denga likhale limodzi, mbiya imodzi yaikulu, ntchito ya onse, ndipo aliyense, wamkulu ndi wamng'ono, azilandira chikho chofanana.

Kenako anayambitsa nyimbo, iye kutsogolera, khamu kuvomera. Mawu ake ankati mimba ya mmodzi ikalira, mudzi wonse umve njala, ndipo povomera nyama zinkaitana chulucho ngati mayi wawo, zikuponda pansi mpaka fumbi koboo. Gulo anagwedeza mutu, nkhani n'kutha. Chiuli anafunsa kuti wogawa akhala ndani. Likongwe anakana udindowo mwamphamvu ndithu, ngakhale panalibe amene anali atamupatsa, mpaka nyama zinachita kumuchonderera.

Tisanamizane, chaka chimenecho chinayamba bwino. Chulu chinapalidwa m'mawa umodzi. Chiuli anasenza mitengo, Nkhanga anafolera, ena kukumba, ena kutunga madzi. Likongwe ankayenda uku ndi uku kuyang'ana ngati umodzi ukuyenda bwino. Ngumbi zinatuluka, mbiya inadzaza, zinakazingidwa n'kuthiridwa m'dengu lalikulu. Nkhanga atatenga lichero kuti apete mapiko, Likongwe anamuletsa, nati kupeta kumachedwetsa anjala. Anauza nyama kuti ziimbe nyimbo ija, iye n'kusenza dengu pamutu n'kuyamba kuvina. Anavina modzigwedeza, kudumpha, kuzungulira, thukuta lake loyamba chikwatirireni. Nyama zinkati n'chimwemwe. Koma dengu likamagwedezeka mapiko amakwera pamwamba, ngumbi zenizeni n'kutsikira pansi.

Anagawa kuchokera pamwamba, chikho chodzaza kwa aliyense, osakondera. Atafika pansi anati iye, monga wantchito wa onse, adya zotsalira. Nyama zinaombera m'manja kudzichepetsa kwake. Ngakhale zinali choncho, m'chikho cha Chule munali ngumbi zambiri kuposa zimene anazionapo, ndipo nkhalambayo inagona itakhuta.

Kunyumba Nachanza anakhuthulira dengu mu lichero, n'kupeza kuti mulibe chopeta.

"Abambo, zathu zokha zilibe mapiko bwanji?"

"Ndi mwayi wa odzichepetsa," anayankha Likongwe. Nachanza anamuyang'ana, n'kubwezera ngumbizo m'dengu. Apongozi analandira dengu lawo.

Ngumbi zisanatulukenso, mphepo inang'amba denga. Aliyense wodutsa ankaona bowolo n'kunena kuti wina alikonza. Chiuli anagona chagada pamthunzi, nati iye sasenzanso mtengo kuti alandire mapiko ofanana ndi a nyama zimene zinangoimba. Nkhanga anayesa kudandaula kuti chikho chake chinali chopepuka, koma Likongwe anamutcha mdani wa umodzi, ndipo nyama zinamuzungulira n'kumuimbira nyimbo ija kumaso mpaka anatseka pakamwa. Ngumbi zinatulukira pabowo paja n'kukadyedwa ndi anamzeze ochokera kwina.

Mvula yachiwiri ikuyandikira, nyama zinayamba kung'ung'udza. Nkhanga anali akunong'oneza kuti kugawa kuzichitika mosinthana, ndipo ayambe ndi iye. Likongwe anaona kuti zikatero dengu la apongozi lidzadzaza mapiko. Choncho pamsonkhano anaimirira woyamba n'kunyoza njira ya chaka chathayo kuposa wina aliyense, ngati kuti inabwera ndi mlendo.

"Denga linang'ambika. Analikonza ndani?" anafunsa. "Chinthu cha tonse chimakhala cha ndani? Chulu chikhale ndi mwini wake mmodzi, woti chikavuta asowe tulo."

Anati mwiniyo akhale amene ali ndi nkhwangwa ndi mphamvu, ndiye kuti Chiuli, ndipo ena onse azigwira ganyu n'kulandira molingana ndi thukuta lawo. Anayambitsanso nyimbo. Kaimbidwe kake kanali komwe kaja, kuponda pansi komwe kuja, koma mawu tsopano ankati wotuluka thukuta anyambite zala, wogona anyambite mphepo. Panalibe nyama imene inazindikira kuti ndi nyimbo yakale yavala malaya ena. Gulo anagwedeza mutu.

Chiuli atamva kuti chulu ndi chake anasanduka nyama ina. Ankadzuka mbandakucha kukayendera denga, kusoka kabowo kalikonse, kuwonjezera mbiya, kuthamangitsa mbalame. Kuchuluka kwa ngumbi za chaka chimenecho sikunaonekepo chiyambire mudziwo, ndipo zimenezi palibe angakane. Likongwe anamunong'oneza Chiuli kuti mwini chuma sakangana ndi aganyu, zimachotsa ulemu, pamafunika kapitawo, ndipo kapitawoyo anakhala iye mwini. Anagwirizana kuti wosenza mtolo azilandira ngumbi dzanja limodzi. Kuseri kwa nkhokwe Chiuli ankatapa malipirowo ndi dzanja lake lotambalala ngati khasu n'kupatsa kapitawo. Kutsogolo kwa nkhokwe kapitawo ankapereka kwa aganyu ndi kadzanja kake kochepa ngati katsamba ka bwemba. Zotsala pakatipo mukudziwa kale kumene zinkapita.

Nkhanga, amene ankagwira ntchito kuyambira kum'mawa, anapezabe zambiri kuposa chaka chatha, ngumbi zenizeni zopanda mapiko. Anayamba kuyenda mothimbwidzika n'kumauza aliyense kuti njala ndi matenda a alesi. Chule naye anadzikoka kukapempha ganyu. Likongwe anayang'ana mwendo uja, nati pepani a Chule, pano sitilemba odwala. Nkhalambayo inakakhala kumene kunkapita mphepo kuti izimvako fungo. Nkhokwe ya Chiuli inasefukira, zapansi zinachita nkhungu, ndipo anakazikwirira m'dzenje, poopa kuti akazipereka zaulere aganyu asiya kubwera.

"A Chule aja munawalirira pabwalo aonda," anatero Nachanza pamene mwamuna wake ankatula dengu.

"Ndinalira chaka chatha, Nachanza. Misozi si ya chaka ndi chaka."

Apongozi analandiranso dengu lawo, lolemera kuposa loyamba, ndipo anayamba kuuza anzawo kuti mkamwini wawo ndi waulesi wa thupi lokha.

Zinaululika mvula yachitatu ili pafupi. Nkhanga anapita yekha kwa Chiuli kukapempha kuti chaka chino malipiro akwereko, n'kuonetsa m'chikho mlingo umene ankalandira pa mtolo. Chiuli anayang'ana m'chikhomo, n'kuyang'ana dzanja lake. Kubangula kwake kunamveka mudzi wonse. Analumbira kuti akamusumira Likongwe kubwalo la Gulo, ndipo mlandu wotere chilango chake chinali kupirikitsidwa m'mudzi.

Likongwe anathamanga n'kukafika pabwalo Chiuli asanafike. Anaitana nyama zonse, zimene zinali zitatopa kale ndi kugwirira ntchito nkhokwe ya mnzawo. Anazikumbutsa kuti chaka choyamba zinadyeredwa masuku pamutu ndi wogawa, chachiwiri ndi mwini chulu ndi kapitawo wake. Ananena zimenezi nkhope ili gwa, ndipo panalibe amene anakumbuka kufunsa dzina la wogawayo kapena la kapitawoyo. Anati onsewo anawaika ndi bwalo lomweli.

"Ndani pano anabadwa ndi chingwe m'khosi?" anafunsa. "Mfumu ya chiyani? Bwalo la chiyani? Aliyense agwire una umene wafikapo, atchere mmene akufunira, asinthane ndi amene wamukonda. Chako ndi chimene wagwira ndi manja ako, ndipo palibe wouza mnzake chochita."

Nyimbo inabweranso, yomwe ija, mawu ake tsopano akutamanda khosi lopanda chingwe ndi mwendo wopita kumene wafuna. Nyama zinaponda pansi kuposa kale. Zinafunsa Gulo ngati akuvomera kusiya ufumu, ndipo Gulo anagwedeza mutu. Chiuli anafika ali wefuwefu ndi mlandu wake, n'kupeza kuti palibenso poutula. Ananena kuti chulu ndi chake, koma anamuyankha kuti amene anamupatsa kulibenso. Likongwe nthawi imeneyo anali ali pamwamba pa mtengo.

Masiku oyamba a ufulu anali okoma, ndipo ine sindibisa. Chule anangokhala pa una wake n'kumatola ngumbi ndi lilime, osapempha kwa wina, osathokoza wina. Nkhanga anatulukira kadenga ka masamba a nthochi kosavuta kumanga, ena n'kumutsanzira. Panalibe wotukwanidwa, panalibe woimbiridwa nyimbo kumaso. Wovutika anali mmodzi yekha. Likongwe anazungulira chulu kufunsa ngati pali wofuna kumugawira, nyama zinati zigawana zokha. Anafunsa ngati pali wofuna womuyang'anira, zinamuseka. Anali atathawa mlandu, koma anali atatsekanso njira zonse zimene ngumbi zinkadzera popita m'dengu lake. Kunyumba minga ya apongozi inayamba kulira waa, waa, iye akamadutsa.

Nachanza anali atamanga yekha kadenga kake. Anamuuza mwamuna wake kuti asenze mtolo umodzi wokha, anthu amuone, zotsalazo achita iye ndipo dengu lidzatchedwa la mkamwini. Likongwe anati aganizira. Kuganizako kunamufikitsa kwa Chiuli.

Pakati penipeni pa chulu pamakhala manthu, mayi wa chiswe chonse, amene amaikira mazira a ngumbi za chaka chamawa. N'chifukwa chake chiyambire makolo khasu silinkaloledwa kukhudza chulu. Mwana aliyense ankadziwa zimenezi, ndipo Likongwe ankazidziwa bwino lomwe. Koma lamulolo linali la bwalo, ndipo linapita pamodzi ndi bwalolo.

Anapeza Chiuli atakhala pa kauna kamodzi, tsinya lili pamphumi, akudikira ngumbi imodziimodzi. Likongwe analankhula ali panthambi.

"Achimwene a Chiuli, mwaswera bwanji?"

"Tsika pansi pano ndikuyankhe."

"Nditsika. Koma zikhadabo zonsezo, mukudikira pa una ngati a Chule? Ngumbi zili m'katimo, zadzaza zipinda."

"Chulu sakumba," anatero Chiuli.

"Akuletseni ndani?"

Chiuli anaganiza pang'ono, pakuti kuganiza kwambiri sikunali kwake. Anakumbuka nkhokwe yake imene inali mbee, n'kuimirira. Dothi linayamba kuuluka. Nyama zinasiya mauna awo n'kuima chapatali, pakamwa pali yasa. Nkhanga ananena chapansipansi kuti zimenezi si zabwino, koma si iye woti auze mnzake chochita. Aliyense ankayang'ana mnzake kuti alankhule. Kenako khoma la chulu linagumuka, ngumbi zinakhuthuka ngati chimanga chotayika m'thumba, ndipo manyazi onse anathera pomwepo. Nyama zinathamanga ndi madengu, malichero, mbiya, ngakhale Chule anadumpha ndi mwendo wake wotupawo. Wina anayambitsa nyimbo ya khosi lopanda chingwe, onse n'kuvomera m'kamwa muli todzaza.

Chiuli anatuluka m'dzenjemo atagwira manthu, woyera, wonenepa, akugwedezeka. Anamuyang'ana, n'kumumeza. Nyimbo inaduka. Kenako nyama zinawerama n'kupitiriza kutola, chifukwa ngumbi zinali kuthawa.

Likongwe anali atatsika kalekale n'kuima kumbuyo kwa Chiuli, kumene dothi ndi ngumbi zinkagwera zokha m'dengu. Tsiku limenelo anachita kubwerera kangapo. Apongozi anavina pakhomo. Nachanza anakazinga, kupeta, kuthira mchere, koma iye sanadyeko ngakhale imodzi.

Mvula yachinayi inagwa bwino. Nyama zinafolera chimene chinatsala pa chulu, zinakwirira mbiya, n'kudikira. Mbiya zinadzaza madzi amvula. Zinadikirabe mpaka pa chulupo panamera udzu. Zitafuna womuimba mlandu zinapita kwa Gulo, n'kumatchula mayina, ndipo Gulo ankagwedeza mutu pa dzina lililonse, ngakhale lake lomwe. Chiuli ananyamuka kukafuna uchi kwina, pakuti wamphamvu sasowa kolowera. Chule analibe kolowera, ndipo sanafike masika. Nyama zinamuika m'manda, ndipo pochokera kumandako zinachita chinthu chimene mpaka lero chimandidabwitsa. Zinapita kwa Likongwe kukamupempha kuti azipezere njira yachinayi.

Likongwe anazilonjeza kuti aganiza, zimudikire pansi pa mtengo, ndipo anapita kunyumba mtima uli m'malo. Anali atapeza kale poyankhira. Anagwada chapatali ndi apongozi ake n'kufotokoza mwaulemu kuti dengu linkachokera ku chulu, ndipo popeza chulu kulibe, palibe mkamwini pa dziko lonse amene angalibweretse. Nungu anawatafuna mawuwo. Pomaliza anavomera kuti ndi zoona, iye alibe naye mlandu. Likongwe anamwetulira. Anaona kuti wapambananso, ndipo ulendo uno wapambaniratu.

Pamenepo chitseko chinatseguka. Nachanza anatuluka atagwira chikuni cha moto, dzuwa lili paliwombo. Kumeneko mkazi akapatsa mwamuna moto masanasana ndiye kuti akumuuza aunikire njira ya kwawo, ukwati watha. Likongwe anayang'ana chikunicho. Zaka zonsezi ankaopa minga ya apongozi, ndipo sanaganizepo zoopa mkazi amene ankamukazingira ngumbi.

"Nachanza, amayi anena kuti ndilibe mlandu."

"Ndamva, abambo. Moto uwu si wa amayi."

Likongwe anayamba kulankhula. Anatchula chikondi, ndipo ulendo uno sankanama. Anatchula madengu onse amene anabweretsa pakhomopo. Nachanza anamulola kuti amalize.

"Mwatiphunzitsa njira zitatu m'mudzi muno, ndipo ine ndinkamvetsera," anatero. "Tikatsata yoyamba, nyumbayi ndi ya tonse, tagawana, ndipo gawo lanu ndi chikuni ichi. Tikatsata yachiwiri, malo ano ali ndi mwini wake, ndine, ndipo kapitawo sindikumufuna. Yachitatu mukuidziwa. Palibe wokakamiza mnzake, ndipo ine sindikukufunaninso. Sankhani imene mutulukire."

"Ukwati sutha chonchi, Nachanza. Ndikasuma."

"Kwa yani?"

Likongwe anakumbuka kuti mfumu ndi bwalo lake anazigwetsa ndi pakamwa pake pomwe. Analandira chikunicho ndi manja awiri. Podutsa pa mtengo paja nyama zinaimirira n'kumufunsa ngati njira yachinayi yapezeka, ndipo zina zinali zitayamba kale kuponda pansi kukonzekera kuvomera. Iye anangodutsa. Atafika kumapeto kwa mudzi anacheuka kamodzi, akuyembekeza kuti mwina mkazi wake akumuyang'ana. Nachanza anali atawerama ndi tsache, akusesa mapazi a mwamunayo pabwalo.

Yanga yathothoka mapiko pamenepa, amene ali ndi lichero apete yekha.